Sitima Imene Patson Anakana Kupereka

Patson Kalekeni anali dalaivala. Anafika kuno mu 1976, atatengedwa ndi bwana Lawrence, Mmalawi mnzathu amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington. Mapepala olola Patson kukhala mu Amerika anali omangirira pa ntchitoyo: bwana akangoti basi, mapepalanso atha. Suti imene ankavala anamugulira ndi bwana. Galimoto inali ya bwana. Iye ndi mkazi wake Emelda ankachita lendi kanyumba kapansi ku Wheaton, ka mawindo aang'ono oonera nsapato za anthu odutsa. Ine ndinkakhala pamwamba pawo, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi.

Ntchito ya dalaivala ndi kudikira. Tsiku lina akudikira akazi a bwana ku mashopu a ku Wheaton, anaona bokosi pawindo la sitolo ya zidole. Pa bokosipo panali chithunzi cha sitima yankhondo ya pamadzi, mizinga italoza kumwamba. M'kati mwake munali tizidutswa ta pulasitiki toti munthu alumikize yekha. Anagula.

Patson kwawo kunali ku Ntcheu, kumapiri. Anali asanakwerepo ndi bwato lomwe. Nditamufunsa kuti munthu wandevu sitima akufuna ya chiyani, anati, "Achimwene, ena amamwa."

Ankaipanga Loweruka masana pa tebulo lodyera, atayalapo nyuzipepala. Kachidutswa kalikonse ankakadula ndi lezala, n'kukapala ndi sandipepa mpaka kasalale, kenako n'kupaka guluu ndi nsonga ya singano. Timizinga tina tinali tochepa ngati njere za mpunga, ndipo ankatigwira ndi kachitsulo kamene Emelda ankazulira nsidze. Poyamba anathira guluu wambiri, pulasitiki n'kusungunuka, chumuni cha sitimayo n'kupindika. Sanachitaye. Anachipala mpaka chinawongoka. Zingwe za pamlongoti anachita kuba ulusi wakuda wa mkazi wake. Penti yotuwa inkanunkha mpaka kwathu pamwamba, ndipo Emelda ankadandaula kuti akudyera pamaondo ngati ali m'basi. Sitimayo inali yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu.

Mu 1980 kunabadwa mwana wawo, Lenifa. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi, bwana Lawrence anabwera kudzaona mwanayo. Anali asanapondepo m'nyumbamo chiyambire. Emelda anandiitana kuti pakhale munthu wachikulire wocheza ndi mlendo. Sitima inali itatsala pang'ono kutha, ili pa shelefu pabalaza.

Bwana ananyamula mwana, n'kumuyamikira, n'kumubwezera kwa mayi wake. Kenako maso awo anagwera pa shelefu.

"Iii, a Kalekeni! Mwapanga ndinu chimenechi?"

"Ndine, bwana. Ndi pulasitiki chabe."

"Mumabisatu luso inu. Taonani timizingato! Chinthu ngati ichi malo ake ndi ku ofesi kwanga, pawindo. Azungu angamaime pakhomo."

Kwathu munthu wamkulu sapempha. Amangoyamikira, mwini chinthu n'kumva yekha. Komanso mlendo wodzaona mwana sabwerera chimanjamanja, umamugwirira nkhuku. Tonse tinamva chimene chanenedwa. Emelda anayang'ana mwamuna wake. Ine ndinatsokomola.

"Azunguwo akafuna kuiona abwere kuno, bwana," anatero Patson. "Mipando ilipo."

Bwana anaseka, koma ndi mano okha. "Ndiye mlendo achoke wopanda ndi nkhuku yomwe? Ku Ntcheu mwambo unatha eti?"

"Sunathe, bwana."

Patson anadzuka n'kulowa kukhitchini. Tinamva filiji ikutseguka. Anatuluka ndi nkhuku yogula ku shopu, youma gwaa ndi ayezi, atakulunga m'nyuzipepala. Anagwada bwinobwino n'kuipereka ndi manja awiri.

"Yakuno siyenda, bwana. Simuvutika n'kumanga miyendo."

Mphatso yoperekedwa munthu atagwada siikanidwa. Bwana analandira. Anakhala pang'ono nkhuku ili pamiyendo, madzi akuyamba kunyowetsa thalauza, kenako anatsazika. Patson anawaperekeza mpaka pagalimoto n'kuwatsegulira chitseko monga mwa masiku onse.

Mwezi usanathe, bwana anati ayamba kudziyendetsa okha.

Emelda anabwera kwathu akulira, mwana ali kumsana. Ndinavala jekete n'kupita ku Alexandria, kunyumba kwa bwana, kukapepesa. Anandilandira bwino, tiyi n'kundipatsa.

"Nkhaniyi ndi yaing'ono, a Greyson," anatero. "Ine ndilibe naye chifukwa. Abwere nacho chidole chakecho, apepese ndi pakamwa pake, Lolemba atenge makiyi."

Ndinabwerera ndi uthengawo ndikuganiza kuti mlandu watha. Ndinapeza Patson akumata timanambala pamphuno pa sitima. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja osaleka ntchito.

"Mwavutika, achimwene. Sindipita."

"Bambo a Lenifa, mwana adya sitima?" anakuwa Emelda. "Mabokosi atha ku sitoloko? Kaguleni lina mupange ina!"

"Ndikapanga ina adzaiyamikiranso."

"Ndiye mukawapatsa mufa?"

"Mayi a Lenifa, suti ndi yawo. Galimoto ndi yawo. Lolemba mpaka Lachisanu ndine wawo, ndipo sindinadandaulepo. Loweruka langa likhalenso lawo?"

Ine ndinati, "Iwe Patson, usaiwale mapepala. Pulasitiki si chinthu chofera munthu."

"Sindikufa, achimwene. Ndikungokana."

Ine ndikanapereka. Mpaka lero ndimanena kuti ndikanapereka, chifukwa mwana anali wakhanda ndipo chisanu chinali pafupi. Koma sitimayo sinali yanga.

Patson anachapitsa suti ija, n'kuipinda, n'kukaisiya kwa eni ake. Mapepala anatha. Akanatha kubwerera kumudzi, koma anati sachoka mothamangitsidwa ndi nkhani ya pa shelefu. Anakhala kuno wopanda chilolezo. Anatsuka magalimoto pagaraja ina manja akusweka ndi chisanu, anakolopa m'maofesi, ananyamula katundu wa anthu osamuka. Emelda anayamba kulera ana a anthu. Onse awiri akaona galimoto ya apolisi ankawoloka msewu. Amalawi ena anasiya kuwaitana ku maphwando poopa kukhumudwitsa bwana. Ena ankamuseka Patson, kumutchula kuti Kaputeni. Iye ankayankha kuti, "Wawa," n'kupitirira.

Lendi ya ku Wheaton itawakulira anasamukira ku Germantown, kumene nthawi imeneyo kunali ngati kumudzi. Ndinawanyamula pagalimoto yanga. Patson anakhala kutsogolo sitima ili pamiyendo, ndipo pabampu paliponse ankati, "Pang'onopang'ono, achimwene." Za mbale za mkazi wake zimene zinkagundana kumbuyo sananene kanthu.

Mapepala anadzawapeza patapita zaka, lamulo litasintha. Koma apa n'kuti china chitachitika kale.

Mu 1984 mayi ake anamwalira ku Ntcheu. Munthu wopanda mapepala akatuluka m'dziko muno sabwereranso, ndipo mkazi ndi mwana anali kuno. Patson sanapite. Mayi ake anaikidwa iye ali ku Germantown.

Tinakakhuza maliro kunyumba kwake monga timachitira. Anthu anabwera ambiri, Amalawi ndi a ku Zambia omwe, ngakhale aja ankamuseka. Abambo tinatulutsa mipando ndi tebulo kuti pabalaza papezeke malo. Amayi anakhala pansi atamanga zitenje n'kuyamba nyimbo. Patson anali pakona, atawerama.

Sitima inali pa shelefu, yomalizidwa, mbendera yake yaing'ono ili kumbuyo. Mayi Theresa, mtsogoleri wa amayi a mpingo wathu, anadzuka n'kutambasula manja kuti aichotse.

"Ichi tikachiike kuchipinda," anatero chapansipansi. "Chidole pamaliro sichiyenera."

Patson sanadzutse mutu. Amene anayankha ndi Emelda, yemwe kwa zaka zonsezo anali asanaipukutepo fumbi ngakhale kamodzi.

"Isiyeni pomwepo, mayi. Ikanakhala chidole bwenzi bambo awa ali ku Ntcheu lero. Ikhale, anthu aione."

Mayi Theresa anabweza manja n'kukhala pansi. Wina anayambitsa nyimbo ina, ife n'kulandira.