Umboni Wanga wa Njovu

Ku mpingo wathu ku Kakumbi munthu sapulumuka wamba, amayenera kuthamangitsidwa kaye ndi njovu. Ndinalowa kalasi ya ubatizo ndili mu giredi teni, ndipo lamulo linali lakuti aliyense, asanalowe m'madzi, aimirire kutsogolo Lamlungu lina n'kufotokoza mmene Mulungu anamupezera. Onse amene anayamba, Mulungu anawapeza pakati pa miyendo ya njovu. Wina inamupeza m'munda wa thonje, atangotchula dzina la Yesu iyo n'kutembenuka. Wina inamununkhiza kumutu ali pa njinga. Mayi wina wa m'kwaya anati yake inachita kugwada. Ng'oma inalira, nthungululu zinamveka, ndipo palibe amene anafunsa ngati inatsinzinanso.

Ine njovu ndinalibe. Zanga zinali zochititsa manyazi. Tsiku lina ndikutsuka mbale, ndikuimba kanyimbo ka kutchalitchi, ndinangodziwa mumtima kuti ndikufuna kukhala wa Yesu. Basi. Tangoganizani kuimirira pamaso pa anthu amene njovu zinawagwadira, iwe n'kumawauza za mbale.

Choncho Loweruka masana ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, n'kulenga njovu. Ndinaipatsa mnyanga umodzi wothyoka kuti imveke yoona. Ndinaiimika pa chulu chachikulu cha m'njira yopita ku mjigo wa pafupi ndi kwathu, cha m'ma fifitini koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Aphunzitsi amanena kuti kompozishoni ndimaitha, ndiye ndinaona kuti nthawi yotumikira Ambuye ndi mphatso yanga yakwana.

Lamlungu ndinalira misozi yeniyeni, ngakhale inali ya mantha. Abusa anati mwana uyu chikhulupiriro chake chaposa cha akuluakulu. Amayi ena anandipukuta nkhope ndi nsonga za zitenje zawo. Amayi anga okha ndiwo anangokhala, manja ali pamiyendo.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu nkhani ya njovu siithera pa ameni. Njovu yoyenda yokha, yothyoka mnyanga, yofika pa mjigo masana, aliyense amadziwa kuti yotero ndi yolusa. Lolemba m'mawa palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anaponda njira ija. Onse anayamba kukatunga ku mjigo wa kusukulu ya pulaimale, kutsidya kwa mtsinje wouma, ulendo wa ola lathunthu kupita kokha, mumchenga wa mu Okutobala.

Mmodzi wa iwo anali mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga amene amagwira ntchito ku loji n'kumabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Ine ndinkalawirira kusukulu, amayi msana unawakana kusenza, ndiye madzi ankatunga ndi mlamu wangayo. Lachitatu ndinawapeza pakhonde, mapazi atatupa mpaka patapata osalowa.

“Mwaswera bwanji, alamu?”

“Ndaswera, koma njira ija yanditha,” anatero. “Komabe bola kutopa. Ine chikhulupiriro changa si ngati chako, mlamu. Chinyama chija chitandipeza chikhoza kungondiponda.”

Sankandiseka. Ankandikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo akanandimenya mbama ikanakhala yabwinoko.

Amayi anali kuseri akupeta chimanga. Sanadzutse n'komwe mutu.

“Dzulo ndinafika pa chulu paja.”

“Amayi! Nokha?”

“Ndekha. Ndimafuna ndikaone pamene Mulungu anagwirira ntchito. Koma njovu yako ndi yaulemu, mwana wanga. Sinaponde pansi, sinathyole nthambi, ngakhale ndowe sinasiye. Inaleredwa bwino kuposa anthu ena pakhomo pano.”

“Mwina mphepo inafafaniza.”

“Ee, mphepo inanyamula ndowe ya njovu. Zozizwitsa zachuluka chaka chino.” Anakhuthulira chimanga m'thumba. “Ine sindiuza munthu, pakamwa ndi pako. Koma mlamu wako akakachirira pamchenga paja, ukamufotokozere wekha mchimwene wako za mnyanga wothyoka.”

Ndinayesa kaye njira yachidule. Ndinauza mlamu wanga yekha zoona zake, monong'ona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mapazi awo.

“Ndiye awa atupira kompozishoni?”

Mawa lake anauza anzawo, koma palibe anamvera. Anati mimba yawalemera, akungofuna njira yaifupi. Iwo okha sakanapitako, chifukwa kwathu mayi sayenda yekha njira imene anthu aisiya. Zonenedwa kutsogolo kwa tchalitchi, misozi ili mbwembwembwe, sizichotsedwa ndi manong'onong'o a pakhonde.

Ndinapemphera kuti Mulungu atumize njovu yeniyeni pa chulu paja, ngakhale kamwana, kangosiya mapazi n'kupita. Njovu zimene chaka chilichonse zimatha chimanga chathu popanda woziitana, sabata imeneyo zinatanganidwa kwina.

Lamlungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, ndinakweza mkono. Abusa anamwetulira, poganiza kuti njovu yabweranso. Ndinati pa chulu palibe njovu ndipo panalibe, ndinailemba ndekha m'kabuku chifukwa ndinkafuna kuomberedwa m'manja, ndipo amayi onse abwerere ku mjigo wawo. Ndinapepesa.

Ng'oma sinalire. Chitenje cha munthu sichinafike pankhope panga. Mayi wa m'kwaya uja ananena mokweza kuti Satana wamulowa mwanayu, akukana ntchito ya Mulungu masanasana. Ena angapo a m'kalasi mwathu anapeza chinthu chosangalatsa kwambiri pa zala za kumapazi kwawo.

Abusa anati ubatizo wanga udikira chaka chamawa. Koma potuluka anandiimitsa pakhomo.

“Loweruka kalasi ilipo. Usajombe.”

“Ndibwera, abusa.”

Sindikudziwa ngati kumwamba kunali nthungululu tsiku limenelo. Chimene ndikudziwa n'chakuti popita kunyumba ndinapemphera osasankha mawu okoma, ndipo sindinachite mantha kuti akundimva.

Lolemba nditaweruka ndinatenga chidebe cha mlamu wanga. Pa mphambano ndinapeza amayi asanu ndi zigubu zawo, ataima, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Atandiona anapatuka mbali ziwiri.

“Tsogolani, mayi mlaliki,” anatero wina. “Ngati ilipo, inu mukudziwana nayo kale.”

Anaseka onse. Ndinatsogola, ndipo anandiseka mpaka kukafika pa mjigo, kumene anandisiyira kupopa zigubu zonse zisanu.