Mbuzi Yotsimphina ya M'nyimbo ya Masauso

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi la mwana wanga Masauso. Amayi a mpingo anali atayimba mpaka mawu kusasa, Mulungu awadalitse, tsopano anali atagona pamphasa. Panja amuna ankatsokomola pamoto, poti inali Juni, ndipo mphepo ya kuno ku Chiparamba imalowa mpaka m'mafupa. Ndinapemphera, kenako ndinagwira pamfundo ya chitenje kuti ndimve ngati kaseti ilipo. Inalipo.

Masauso anali woyimba gitala. Iye ndi anzake awiri, wang'oma ndi wa gitala yaikulu, ankayimba m'mabala a ku Chipata, ndipo nyimbo ankapeka yekha. Tsiku lina kunabwera bambo wa ku Lusaka wovala jekete lachikopa, namuuza kuti anzakewo akumuchedwetsa. Mwana wanga anawasiya osatsanzika n'komwe. Kumeneko anasaina pepala lachingerezi popanda womuwerengera, n'kupereka tepi yokhayo imene munali nyimbo zake zonse. Makaseti atatuluka, woyimba anali mng'ono wake wa bamboyo, nkhope pachikuto yakenso, dzina la Masauso palibe. Iye anatsala m'mabala a ku Lusaka, malipiro ake mowa. Anabwera kuno akudwala, ngakhale gitala analibe. Mwezi wake womaliza anabwereka gitala kwa aphunzitsi, najambula nyimbo zatsopano pa wailesi yanga ya kaseti. Pondipatsa kasetiyo anati, “Amama, iyi musapatse munthu wajekete.”

Kutacha moto unayaka kuseri kwa nyumba, atsikana akutunga madzi, adzukulu atapita kale kukakumba. Ndinauza achimwene anga, amalume ake a Masauso, kuti aphe mbuzi yanga yokalamba yotsimphina, anthu adzadye pochoka kumanda. Anthu anabwera panjinga, pangolo, ena wapansi kuchokera ku Kasenengwa. Ndikuthokoza aliyense amene anabweretsa ufa kapena nkhuni.

Anzake awiri aja anafikanso, fumbi mpaka m'mawondo. Ndinachita manyazi kuwayang'ana. Wang'oma uja anagwada pakhomo nati, “Amama, tabwera kudzanyamula chitsiru chathu.” Ndinalira kuposa usiku wonse.

Dzuwa litakwera tinamva minibasi ikubwera, wailesi ili pamwamba, pamaliro! Nyimbo yake inali ya mbuzi yotsimphina yolowa m'munda wa eni, imene Masauso anapekera pansi pa mango wathu, koma mawu anali a munthu wina. Amayi ophika anaima ndi mithiko m'manja. Anatsika bambo wajekete uja, atanyamula nkhata yaikulu ya maluwa apulasitiki. Anafika pamene ndinakhala n'kunjuta, akusamala kuti thalauzi lisakhudze dothi.

“Pepani, amayi. Ndamva kuti mnyamata wanga wasiya kaseti. Ndipatseni, dziko lonse limumve. Pamanda ndithira simenti ine.”

“Dziko linamumva kale, bambo,” ndinatero. “Koma silikumudziwa.”

Achimwene anandikokera pambali. “Mlongo, taganiza bwino. Kaseti uichita nayo chiyani iwe? Manda a simenti ndi ulemu.”

Ndinawayankha kuti simentiyo akamangire chimbudzi kwawo. Mulungu andikhululukire, ndinanena mokweza, ndipo sindinabweze mawuwo.

Titaona nkhope, ulendo wa kumanda unayamba. Mphepo inkaulutsa mapesi m'minda yokolola, amayi akuyimba patsogolo. Anzake aja ananyamula kumutu kwa bokosi ndipo sanalole kulandiridwa njira yonse. Bamboyo anayesa kugwirako kuti anthu amuone. Wang'oma anamutsekereza ndi phewa nati, “Abwana, mwanyamula kale zambiri za mnzathuyu. Mungathyoke msana.”

Kumanda achimwene anawerenga mbiri: kubadwa, ubatizo, sukulu, kenako anangoti ankakhala ku Lusaka. Za nyimbo sanatchule. Atatero anaitana bamboyo kuti alankhule monga abwana a kuntchito. Bamboyo anaima n'kunena kuti anamutola Masauso m'bala, namuphunzitsa kuyimba, namulola kuyimbira gitala nyimbo za gulu lake. Mtima wanga unatentha. Mayi wofedwa salankhula pamanda, choncho ndinangoyang'ana wang'oma uja. Anandimva.

Anaimirira osapempha. Anatchula nyimbo imodzi imodzi, ndi pamene Masauso anaipekera: ya sikelo ya ogula thonje, ya mtsikana wa pachigayo, ndi zina. Anthu ankazidziwa zonse, amazimva pa wailesi, koma ambiri sankadziwa kuti zinabadwira m'mudzi mwawo momwe. Pomaliza anatembenukira kwa bamboyo.

“Nanga mbuzi yotsimphina mwabwera mukuliza ija, abwana, imatsimphina mwendo uti?”

Bamboyo anayamba kukonzakonza jekete lake. Mayi wina wachikulire kumbuyo anakuwa kuti, “Wakumanzere wakumbuyo! Ndi ya Nabanda wofedwayu, inandithera nyemba ine!” Wina anati, “Ili mumphika pano tikunena!” Anthu anaseka pamanda, ngakhale abusa anaphimba pakamwa ndi buku la nyimbo. Kuseka kutatha kunabwera kung'ung'udza, ndipo amuna anayamba kusendera pafupi. Bamboyo sanadikire kuti dothi lithiridwe. Tinamva minibasi ikuchoka, wailesi ili zii. Nkhata yake inatsala panjira, palibe anaitola.

Sindikubisa, mwana wanga analakwa. Anataya anzake, anasaina chimene sanawerenge, anapereka tepi osasunga ina. Inu anyamata a magitala, zimenezi zimafika mpaka kumanda.

Madzulo anthu atadya n'kubalalika, m'nyumba munatsala ine ndi anzake awiri aja. Achimwene anali atapita kwawo osanditsanzika. Pamene panali bokosi panali mphasa yokha. Ndinamasula mfundo, n'kuika kaseti mu wailesi. Poyamba kunamveka kutsokomola, kenako mawu ake ofooka: “Ndine Masauso, mwana wa Nabanda wa ku Chiparamba. Nyimbo izi ndapeka ndine.”

Gitala isanayambe ndinaimitsa. Wang'oma anandiyang'ana. Anatambasula dzanja n'kubweza tepiyo pachiyambi, ndipo tinamvanso dzina lake.