Kucheuka kwa a mana

Ine ndinajambula phiri limodzi chaka chathunthu, ndipo pamudzi pano amandiseka nazo mpaka lero. Kwathu kuno foto ndi ya munthu. Umasamba, kudzola, kuvala za kutchalitchi, n'kuima njo ngati msilikali. Ndiye taganizani ntchembere ngati ine, ya zidzukulu, itaima pakati pa njira ndi telefoni, kujambula tchire lopanda ngakhale mbuzi. "Kodi phirilo lakutsanzikani kuti likuchoka?" ankatero amuna anga.

Anandituma ndi akulu anga, amene timangowatcha a mana. Nkhondo itafika kuno kumbali ya Malowera, ine ndinali khanda kumsana kwa amayi, iwo kamtsikana kosenza dengu. Tinathawira ku Zambia. Mtendere utabwera ife tinabwerera, koma a mana anali atakwatiwa kale konko, ndipo chaka chilichonse ankati abwera chaka chamawa. Kenako miyendo inayamba kutupa, kuchipatala n'kuwauza kuti mtima watopa. Ulendo wa panjinga kapena pamwamba pa lole sakanauthanso. Tsiku lina pa telefoni anangoti, "Iwe, undijambulire kumudzi, ndioneko ndisanatseke maso."

Ndinayamba m'dzinja. Ndinaima pabwalo pathu, pomwe panali nyumba ya amayi kale, n'kuloza phiri. Chimanga chinali bii, mtambo utakhala pamutu pa phirilo, msipu m'dambo wofika m'chiuno. Ndinanyadira. Redi ya telefoni kuno sigwira paliponse, umakwera kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi n'kukweza dzanja ngati ukulumbira. Ndinakwera m'matope, ndinatumiza. Yankho lake? "Pokongola ndithu, koma si kwathu."

Ndinati mwina ndi kubiriwirako. M'masika ndinajambulanso, udzu utayamba kufiira, mapesi atagwa, maungu ali mbwee m'munda. "Si pamenepo." Nthawi yachisanu ndinalawirira m'mamawa zala zili gwa, nkhungu itagona m'dambo, ng'ombe zikuoneka misana yokha. Foto imeneyo ngakhale amuna anga anaiyang'ana kawiri. A mana anati, "Kaya mwina pobwerera munamanga malo ena."

Apo ndiye ndinapsa mtima. "Mana, phiri limasamuka? Chitsa cha mango a abambo chili pompano, ndimapunthwa nacho tsiku ndi tsiku! Mwakhalitsa kwa eni inu, mwaiwala." Anangoseka pang'ono, kuseka kothera m'chifuwa. Mwana wawo wamkazi, amene ankawadwazika, anatenga telefoni n'kundinong'oneza kuti masiku amenewo ankagona chokhala, akagona chagada mpweya unkawathawa. Ndinatsika kachitunda kaja ndikulira. Ndinachita mantha kuti apita akukhulupirira kuti kwawo kulibenso.

Chilimwe chinafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Tchire linapsa, lupsa ponseponse, kenako mitengo ya m'phiri n'kuphuka masamba ofiira aja amene amabwera mvula isanagwe. Ulendo uno ndisanajambule ndinayamba ndafunsa. "Tandiuzani, mukatseka maso mumaona chiyani?"

"Mkuyu," anatero. "Mkuyu uli kutsogolo, phiri lili kuseri kwake, nsonga yokha ikusuzumira pamwamba pa nthambi."

Ndinati zosatheka. Ukaima pabwalo pathu kuyang'ana phiri, mkuyu umakhala kumbuyo kwako, kunjira ya kumtsinje.

Kenako anati, "Tsiku lothawa lija amayi anatiuza kuti wina asacheuke, kumbukirani mkazi wa Loti. Onse anamvera. Ine titangowoloka mtsinje ndinacheuka, dengu lili pamutu. Sindinauzepo munthu. Mlungu wathunthu ndinkanyambita mkono kuti ndimve ngati ndayamba kusanduka mchere." Anasekanso. "Mwina ndinasandukadi, n'chifukwa chake ndinauma kuno."

Koma ine! Chaka chonse ndinkajambula ngati mwini mudzi, nditaima pakhomo. Munthu ankafuna mudzi monga umaonekera kwa amene akuusiya.

M'mawa mwake ndinatsata kanjira kakale kolowera kumalire, kamene masiku ano kamayendamo ng'ombe zokha. Ndinawoloka mtsinje, mchenga wokhawokha, ndinakwera tsidya linalo, ndipo ndinacheuka. Mkuyu uwo, phiri ilo kuseri kwake. Koma phirilo linatulukira kwambiri pamwamba pa mtengo. Ndinakumbuka kuti wocheukayo anali mwana, ndiye ndinagwada m'phulusa la lupsa, chitenje changa chabwinobwino. Phiri linamira m'nthambi, kutsala nsonga yokha. Ndinakhala chogwada kanthawi ndisanajambule. Ndakalambira m'mudzi umenewo, koma ndinali ndisanauonepo chotero, waung'ono, madenga atabisala, wosavuta kuutaya. Kuseri kwa mkuyu kunkakwera utsi, ine sindinausamale.

Nditatumiza sindinatsike kachitunda. Telefoni inalira posakhalitsa.

"Eya," anatero a mana. "Ndi pamenepo. Ndi kwathu." Kenako mawu anasintha, anakhala ngati a kamtsikana. "Nanga utsiwo? Iwe, utsiwo ndi wa chiyani?"

"Njerwa, mana. Mwana wanga wachisamba akuwotcha njerwa, akufuna kumanga mvula isanayambe."

"Njerwa?"

"Njerwa basi."

Anapuma mpweya wautali. "Zaka zonsezi ndikatseka maso, utsi umakhala pamalo omwewo. Inali nyumba yathu ikupsa. Ndiye mudzi umenewo kwa ine sunazimepo." Ndinagwira telefoni ndi manja awiri. Iwo ndi amene anayamba kuseka, mpaka kutsokomola. "Ati njerwa! Chabwino. Usajambulenso, wavutika mokwanira mng'ono wanga. Umuuze mnyamatayo asafulumire kuzimitsa moto, zipse bwino."

Anatisiya mvula yoyamba itagwa, mitsinje itadzaza, moti kumaliro tinafika ataika kale. Ndimawasowa kwambiri. Mwana wawo uja anandiuza kuti masiku otsiriza telefoni inkagona pansi pa pilo, ndipo aliyense wobwera kudzazonda matenda ankamuonetsa foto ija asanakhale n'komwe pansi. Ankaloza utsi uja ndi chala chotupa n'kunena kuti, "Onani kwathu. Akumanga."