Tsiku Limene Gogo Nabanda Anakapempha Manda Awo

Ndinaganiza zochoka ku Banket, ku Zimbabwe, chaka chimene ntchito ya fodya inatithera. Purazi, ndiye kuti famu, imene tinabadwira inali itapatsidwa kwa mwini wina, komboni yathu inapasuka, ndipo banja lonse tinkapanikizana m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa magolosale. Ndinali ndi mwana wamng'ono, Tadala, bambo ake atatithawa. Nditawauza Gogo Nabanda, mayi a mayi anga, kuti ndikupita ku Joni, ndinkayembekezera kuti andiletsa.

"Pita," anatero. "Ine ndinabwera kuno wapansi, iwe ukwera basi. Ukulira chiyani? Mwanayu msiye ndi ine."

Gogo anachoka ku Ntcheu atangokwatiwa kumene, kutsatira amuna awo amene anamva kuti kumapurazi kuli ntchito. Anaoloka Zambezi pa bwato ndipo sanabwererenso. Anasankha fodya m'shedi mpaka zala zinapindika. Anabereka ana asanu ndi anayi, anayi n'kuwaika m'manda, ndipo amuna awo atamwalira analera otsalawo okha. Koma chimene chinawatchukitsa ndi uzamba. Kiliniki inali kutali, choncho mayi aliyense matenda akamuyamba ankaitanitsa Nabanda. Mchewa, Msena, Mshona, iwo sankasankha. Pakamwa pawo panali poopsa: mwamuna akabwera ataledzera mkazi wake ali pa mphasa, ankamuthamangitsa ndi chikuni.

Ku Joni ndinkagwira ntchito ya m'nyumba, kulera ana a eni pamene wanga akukula osandidziwa. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe, mafuta ophikira ndi shuga kudzera kwa amalayisha, aja onyamula katundu wa anthu pa magalimoto. Chimene chinkandiwawa kwambiri si ntchito ayi. Amalawi a kumeneko ankaseka Chichewa changa chosakanikirana ndi Chishona, pamene anzanga a ku Zimbabwe ankanditchula mubhurandaya, kutanthauza mlendo wa ku Malawi. Khirisimasi ikayandikira aliyense ankatchula mudzi wa kwawo. Ine ndinalibe mudzi woutchula, chifukwa kwathu kunali komboni yogumuka pa malo a munthu wina.

Gogo sankadziwa kugwira foni. Amalume Yohane ankawagwirira, iwo n'kumakuwa ngati ndili kutsidya kwa munda. "Esinati, ukudya? Usaonde kumeneko, anthu angati ndinakulera moipa!" Mawu amenewo ndinkawamvera mobwerezabwereza ndikusita zovala za abwana.

Patapita zaka zambiri, uthenga wina unabwera wosiyana ndi onse. "Esinati, bwera. Ndili ndi ulendo, ndikufuna undiperekeze." Ndinatsanzika kuntchito sabata yomweyo.

Ndinawapeza atachepa ngati mwana, maso atachita khungu pang'ono, koma mawu ali omwe aja. Tadala anali atandipitirira msinkhu, ndipo anandipatsa moni wamanyazi ngati mlendo. Amalume ndiwo anandifotokozera nkhani. Mwini purazi watsopano analetsa kuika maliro pa manda akale a komboni, ati akufuna kulimapo. Anthu amene anamwalira posachedwa ankaikidwa ku manda a m'tauni.

"Ine sindikagona pakati pa anthu osawadziwa," anatero Gogo. "Amuna anga ali uko, ana anga ali uko. Tikamuone munthuyo."

"Amayi, akatiitanira apolisi," anatero Amalume.

"Aitane. Enawo ndinawasambitsa ndine atangobadwa."

M'mawa mwake tinabwereka chikochikari, ngolo yokokedwa ndi ng'ombe. Gogo anavala bulawuzi yawo yoyera ya kutchalitchi, tinawayalira matiresi, Tadala n'kuwagwirira ambulera. Tinanyamuka ife a m'banja tokha. Tisanapitirire msika, mayi wina wogulitsa matimati anafunsa kuti tikuwatengera kuti.

"Ndikukapempha manda anga!" anakuwa Gogo.

Mayi uja anasiyira mnzake matimati n'kutitsatira. Nkhani inathamanga kuposa ng'ombe zathu. Amayi ochokera kumjigo anatula zidebe. Mphunzitsi wina anatsika pa njinga n'kumaikankha pambali pathu. Dalaivala wa kombi anaima, anafunsa, n'kutembenuza galimoto yake kukatenga nkhalamba zimene sizikanatha kuyenda. Amayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo, ndipo azibambo a gule, amene masiku ena sayenda nawo limodzi, anavomera. Pofika pa geti ya purazi sindinkaonanso kumene mzere ukuthera. Antchito a m'shedi anasiya fodya n'kutuluka.

Mwini purazi anabwera mofulumira, nkhope ili gwa, akuyesa kuti ndi chipolowe. Ataona nkhalamba pa ngolo anaima. Amalume anafotokoza nkhani, ndipo iye anapukusa mutu.

"Mbuya, munthu akamwalira amapita kumusha kwawo, kumudzi kumene anachokera. Ano ndi malo olima."

"Mwanangu," anatero Gogo, "kumusha kwanga ndi kuseri kwa mabani ako a fodya. Kuli amuna anga ndi ana anga anayi. Sindikupempha munda. Ndikupempha malo olingana ndi msinkhu wanga, ndipo ukuona wekha m'mene ndafupikira."

Anthu anaseka, iyenso anatsala pang'ono kuseka. Anayang'ana khamu lija. "Nanga onsewa ndi abale anu?"

"Maso anga saona bwino, undiwerengere ndiwe. Amene ndinamudula mchombo akweze dzanja!"

Manja anakwera ngati chimanga m'munda. Aphunzitsi aja, dalaivala wa kombi, amayi obereka ana kumbuyo, ine ndi Tadala. Woyendetsa thirakitala wa mwini purazi, bambo wa imvi, anakweza ali pa mpando wake. Wophika wa m'nyumba mwake anakweza dzanja lili ndi ufa. Mwini purazi uja anayang'ana manja onse aja, kenako anavula chipewa.

"Tiyeni mukandionetse, Mbuya," anatero.

Anayenda wapansi pambali pa ngolo mpaka kumanda. Gogo analoza okha pamene panagona amuna awo. Tsiku lomwelo mwini purazi analamula kuti khasu lisayandikirepo, ndipo anapereka mitengo yomangira mpanda. Pobwerera, azimayi ankalulutira njira yonse, Gogo akuwakalipira kuti adzidzimutsa ng'ombe.

Gogo anakhalabe ndi moyo mpaka mvula inatha. Miyezi imeneyo ndinawasambitsa, ndinawaphikira, ndipo Tadala anayamba kunditchula amayi popanda kuyang'ana pansi. Gogo anamwalira masana, akuothera dzuwa pakhonde. Pa maliro awo amayi a kutchalitchi anaimba mbali iyi, gule anavina mbali inayo, abusa n'kumayang'ana kwina ngati sakuona. Mwini purazi anatumiza chimanga ndi nkhuni.

Zaka zonse zija ndinkadziona ngati munthu wopanda kwawo, pamene kwathu kunali kodzaza chonchi. Ku Joni ndibwererako, chifukwa Tadala ayenera kumaliza sukulu. Koma ndisanagule tikiti ndinawatengera pambali Amalume.

"Amalume, tsiku langa likadzafika, mudzandisungire malo kumiyendo kwa Gogo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wachedwa, Esinati. Pamenepo apemphapo kale anthu ambiri. Ukaime kumbuyo kwa mzere."