Mazira a Munthu Wachitatu

Mayi Kuwabara amadzuka nyuzipepala isanafike pakhomo. Nkhani zam'katimo amasiyira ena, iwo chawo ndi makuponi a sitolo, timapepala togulira zinthu motchipa. Amawadula bwinobwino ndi sizasi n'kuwasanja m'kachitini kakale ka tiyi. Kuponi ikatha masiku amaing'amba pomwepo, ati kuti isawayese.

Lachiwiri lililonse sitolo ya kuseri kwa siteshoni imagulitsa mazira khumi pa mayeni 98, ndalama za kwawo ku Japan, koma kuponi yake imanena poyera: munthu mmodzi, paketi imodzi. Ena amadziwa njira. Mayi Tanabe, oyandikana nawo nyumba, amagula, n'kutuluka, n'kuvala chipewa ndi magalasi a amuna awo, n'kulowanso ngati mlendo. Mayi Kuwabara zaka makumi awiri sanachitepo zimenezo, ndipo sitolo yonse imadziwa.

Chiyeso chinabwera sabata yokumbukira malemu amuna awo. Kunkabwera abale khumi ndi anayi, ndipo malemuwo ankakonda mazira okazinga opindapinda, othira shuga. Pankafunika mapaketi atatu. Koma opita kusitolo anali awiri okha: iwo ndi mpongozi wawo Chizuru, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu.

Ali pamzere, Mayi Tanabe anawakodola.

"Inu a Kuwabara, kuwerenga kwakuvutani? Mulipo atatu apa. Winayo wangobisala."

Chizuru anazyolika ndi manyazi. Ngakhale Hatsumi, mtsikana wolandira ndalama, anasuzumira mimbayo n'kunong'ona, "Amayi, ine ndingowerenga atatu. Akupondaponda uyu, ndamuona."

Mayi Kuwabara anayang'ana mtengo weniweni wa paketiyo, mayeni 268. Chala chinafika ndithu pa kuponi yachitatu m'kachitinimo, n'kukhala pomwepo kanthawi.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Munthu amawerengedwa akalira. Iyi ndilipira yonse."

Ndalama zinatuluka m'chikwama imodziimodzi, iliyonse akuitsanzika ndi maso.

"Chilungamo chanuchi chidzakudyetsani makoko a mazira!" anaseka Mayi Tanabe.

Khanda la Chizuru litabadwa n'kukwanitsa mwezi, anapita nalo kukachisi monga mwa mwambo, agogo ake atalinyamula m'nsalu yaulemu ya silika. Amene anasankha tsikulo anali Mayi Kuwabara, ndipo palibe anazindikira kuti ndi Lachiwiri mpaka pamene anauza woyendetsa takisi kuti akhotere kuseri kwa siteshoni.

Chizuru ali pambali pawo, anaika mapaketi atatu ndi makuponi atatu pamaso pa Hatsumi, n'kuvundukula kankhope ka khandalo.

"Atatu."

Mayi Tanabe, atavala kale chipewa cha amuna awo, anasolola khosi kumbuyo. "Koma sakuliratu ameneyu. Munanena nokha."

Khandalo linali m'tulo tofa nato. Mayi Kuwabara anaganiza pang'ono, n'kulivula kasokosi, n'kuligirigisha kuphazi. Linalira mpaka wogulitsa nsomba anatuluka kudzaona.

"Mwamva nonse," anatero Mayi Kuwabara, akulongedza mazira.