Mazira a Mpasa M'chigubu

Sukulu anandilanda kawiri. Koyamba anali ogula fodya, chaka chimene mabelo a bambo anabwezedwa ku okushoni ine ndili Fomu 3. Kachiwiri inapita ndi nsomba, ndipo pamenepo ndilibe womuloza chala.

Nditachoka kwathu ku Chiosya ndinkakhalira kunyamula matumba a anthu pa siteji ya Kamwendo. Tsiku lina Bambo Zulu, ogulitsa nsomba zouma, anaimitsa galimoto yawo pafupi nane. "Iwe, mpeni umautha?" Ndinati ndimasendera chinangwa. "Basi, kwera." Mayeso a ntchito anathera pomwepo.

Tinadzera msewu wa Kasungu mpaka ku Nkhotakota, kufupi ndi kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Mtsinjewu umayambira kwathu kuno ku Mchinji, koma sindinkadziwa kuti kumunsi kwake kuli nsomba yotchedwa mpasa, yonyezimira, yamafuta, ina yotalika ngati mkono wanga. Imakhala m'nyanja, koma nyengo yake ikakwana imakwera mtsinje. Chimene imakwerera sindinafunse. Sanandilembere kufunsa.

Asodzi a abwana ankatchera ukonde kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo. Kumtunda kwake, posaya, anamanga mpanda wa bango n'kuikamo miono, kuti yopulumuka pa ukonde ikathere m'mono. Ine yanga inali kuwamba: kupala mamba, kung'amba chakumsana kuti nsomba iyalike, kuchotsa zam'kati, kutsuka, kuthira mchere, n'kuyala pa waya pamwamba pa ng'anjo ya dothi. Moto wake umafunika wautsi. Ukalilima, nsomba imapsa kunja m'kati muli mwamuwisi, ndipo pofika ku Mchinji imakhala yayamba mphutsi.

Zikuluzikulu zambiri zinkakhala ndi mazira, mimba yonse thoo. Bambo Zulu analamula kamodzi kokha: "Mazira kwirira m'dzenje, mphwanga. A za nsomba akawaona, ine sindikudziwa." Ndinkakwirira, koma ena ndinkakazinga m'chiwaya n'kudya ndekha. Ankakoma kuposa nsombayo.

Tikabwerako ndinkayenda ndi dengu pa njinga m'nyumba za ogwira ntchito pa Boma. Mmodzi mwa ogula anali Madamu Kamanga, amene anandiphunzitsa sayansi; kwawo kunali ku Nkhotakota konko. Mwa aphunzitsi onse ndi okhawo anandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira. Anakandilankhulira kwa ahedi, malo anapezeka m'kalasi ya masana. "Teremu ikayamba ubwere, za fizi tidzaona," anatero.

Ndinafuna kuwathokoza koma ndinalibe kanthu. Ulendo wotsatira ndinadzaza kachigubu ndi mazira, ndinathira mchere, ndinabisa pansi pa madengu.

Linali Loweruka m'mawa, sukulu ikutsegulira Lolemba. Ndinawapeza akuchapa pakhonde.

"Limbani, wanenepatu. Nsomba za abwana zikuthera m'mimba mwakomo eti?"

"Ayi madamu, ndi utsi wanditupitsa. Ndakutengerani kenakake."

Anatsegula chigubu akumwetulira. Anayang'ana m'katimo nthawi yaitali.

"Awa achokera mu nsomba zingati?"

"Aa, awa ndi ochepa. Ambiri timakwirira. Dzenje loyamba linadzaza, tinakumba lachiwiri." Ndinanena chifuwa chili patsogolo, ngati munthu wa pakampani yaikulu.

"Mpanda wanuwo uli ndi khomo?"

"Khomo la chiyani? Timatseka ponse. Sipadutsa ngakhale nkhanu."

Anapukuta manja pa chitenje n'kukhala pa ndowa yovundikira. Sanakalipe. Bola akanakalipa, chifukwa kukalipiridwa ndinazolowera. Anandiuza kuti mpasa imakwera mtsinje kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Bambo awo ankamanganso mpanda, koma pakati ankasiya mpata kuti zina zidutse, ndipo munthu wotseka ponse ankamugumulira anzake. Pano alongo awo anasiya miono, imangowola kuseri kwa nyumba, chifukwa amatha kudikira nyengo yonse osaona kanthu.

"Timiyala tija tikukwiririka ndi matope ochokera m'madimba mwanu muno, mumalima mpaka khasu kugunda madzi. Zochepa zimene zikulimbikabe kukwera ndi izi wandibweretsera m'chigubuzi." Kenaka anafunsa, "Amayi ako mtedza wa mbewu amasunga pati?"

"M'thumba, kudenga."

"Chaka chija munkagona ndi njala, anatsitsa thumbalo kuti mukazinge?"

Chaka chimenecho ndinabapo kadzanja kamodzi, amayi anandimenya ndi mthiko mpaka unathyoka, iwo akulira kuposa ine. Kwathu munthu wodya mbewu amamuseka mpaka ana. Ine, mwana wa mlimi, ndinakhala nyengo yonse ndikukwirira mbewu m'dzenje, yotsala n'kuipereka mphatso.

Anandibwezera chigubu. Nsomba sanagule. "Lolemba ubwerebe. Izi ndi zina, sukulu ndi zina."

Ndinapalasa njinga mpaka pa mlatho wa Bua, ndinakhuthulira mazira aja m'madzi. Mazira a mchere, akufa kale. Ndinkadziwa kuti saswa kanthu, ndinangosowa pochita. Mzimayi wina wotsuka mbale pansipo anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Madzulo ndinabweza dengu kwa Bambo Zulu, ndinati kumtsinje sindipitanso. Sanadzutse n'komwe mutu. "Anyamata pa siteji ndi ambiri." Mawa lake galimoto inanyamuka ndi wina.

Lolemba ndinasita malaya, ndinafika mpaka pa geti. Ndinawaona madamu ataima pakhomo la kalasi, choko m'manja, akuyang'ana kumsewu. Sindinalowe. Ndinabwerera, ndipo malo aja anapatsa wina.

Pano ndimapalasa kabaza. Anzanga amati usadzivutitse, unali umphawi. Umphawi unandikweza galimoto, ndivomera, koma sunandiuze kuti ndinyadire dzenje lachiwiri. Chimene ndinatolapo n'chimodzi: ntchito imene abwana akukuuza kuti zotsala zake uzikwirira, leka kaye khasu uone chimene ukuika m'manda.

Madamu ndimakumana nawo pamsika wa pa Boma. Amandiitanabe ndi dzina. Ndimayankha maso ali pa tcheni cha njinga.