Matatu ndi Dona, Nkhunda za a Petro Nkhoma

Ku Kasarani ngakhale wogontha ankawadziwa a Petro Nkhoma. Akakwiya, agalu a mpanda wachitatu ankayamba kuuwa. Anafika ku Nairobi mu 1994 kudzayendetsa galimoto ya bungwe lina la mpingo ku Lavington, ndipo mkazi wawo, a Tionenji, anawasiya ku Balaka zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu. M'zaka zosungulumwazo ndi mmene anagwidwa ndi nthenda ya nkhunda zampikisano. Anawapatsira ndi Griffin, makaniko wa ku Ruaka, munthu wa pakamwa ponyoza.

Luso lake ndi ili. Nyengo ya mpikisano ikafika, yamphongo umailekanitsa ndi mkazi wake sabata yonse, thabwa pakati. Tsiku loiika m'dengu umaionetsa mkaziyo kamphindi chabe, osalola kuti zikhudzane. Akakaitulutsa kutali, imang'amba mlengalenga ngati yapenga, pofuna kukamupeza. A Petro ankaidziwa ntchitoyi kuposa mphunzitsi wawo, amene akutsutsa abwere pano! Koma zaka zinayi zotsatizana nkhunda ya Griffin inkawatsogolera ndi timphindi tiwiri, titatu.

Mu 2003 anali ndi yamphongo yotuwa dzina lake Matatu, monga amatchulira maminibasi ku Nairobi, poti sinkadikira munthu. Mkazi wake anali Dona. Griffin atawaseka pamaso pa anzawo kuti, “Mzee, nkhunda za Amalawi zimaima panjira kupereka moni,” magazi anawira.

“Matatu akapanda kukuposa pa mpikisano wochokera ku Voi, umutenge! Ndalumbira!”

Lachitatu la sabata ya mpikisanowo abwana anawatuma ku Nakuru ndi alendo. A Tionenji anali atabwera kale ku Nairobi, ndiye anawasiyira malangizo.

“Mayi a Luso, chimanga ndi nandolo m'mawa, madzi osintha. Koma thabwa ili, chonde, musalikhudze.”

Lachisanu anabwerako thukuta lili kamukamu, dengu m'manja. Kusuzumira m'khola, thabwa lili pansi. Matatu ali phee m'chisa, maso ali tsinzi, Dona akumukanda m'khosi.

“Mayi a Luso! Mwandipha! Wachotsa thabwa ndani?”

“Ndine,” anayankha a Tionenji osasiya kuyanika zovala. “Zimalira usana wonse. Ndi banja limenelo, bambo a Luso. Inu ogwira ntchito ku mpingo n'kumapasula ukwati?”

“Ukwati wanji? Ndi nkhunda izi! Yamphongo ikamusowa mkazi ndiye imathamangira kwawo!”

A Tionenji anatembenuka, chopanira zovala chili kukamwa. Anachilavula.

“Imathamanga? Ine munandisowa zaka zisanu ndi chimodzi. Munkabwera pa Khirisimasi pokha, mwinanso mutayamba mwagona ku Mbeya. Njira yanuyo ndinaiyesa ndekha, siigwira.”

A Petro anangotola Matatu n'kumuika m'dengu. Anthu a ku Kasarani amati tsiku lokhalo ndiye agalu anapuma.

Lamlungu nkhunda anazitulutsa ku Voi dzuwa likutuluka. A Petro anajomba tchalitchi, n'kukhala pabwalo khosi lili m'mwamba, wotchi yampikisano pamiyendo. Matatu anatulukira ndithu nthawi yabwino, koma m'malo molowa m'khola kuti amuvule mphira wa kumwendo n'kuuponya m'wotchi, anatera padenga n'kuyamba kudzikonza nthenga. Afulumirirenji, zonse anali atathana nazo kale Lachinayi?

“Lowa, chitsiru iwe! Lowa!” Anagwedeza chitini cha chimanga mpaka dzanja kuwawa. Anamunyengerera m'Chichewa, anamutukwana m'Chiswahili. Mphindi khumi ndi zinayi! Griffin anapambana ndi zisanu ndi imodzi.

Koma a Petro, mawu awo sankagwa pansi. Lolemba anakwera matatu awiri kukamusiya Matatu ku Ruaka okha.

Patatha sabata zitatu Griffin anayesa kumutulutsa. Asanatseke n'komwe chitseko cha khola, mbalame inali itatera kale ku Kasarani, liwiro limene pa Voi likanabweretsa chikho. A Petro anaiyang'ana misozi ili m'maso.

“Lero ndiye ukuthamanga, galu iwe?”

Anakaibweza. Inabweranso. Anakaibwezanso, kondakitala akuwafunsa ngati nkhundayo nayonso ili ndi ntchito ku Ruaka. Kachitatu Griffin anabwera yekha kudzaitenga.

“Pole, mzee, pepani, koma mwandipatsa theka la nkhunda. Mtima wake uli kuno.”

A Petro akukonzekera kumuthira mawu, anaona a Tionenji akutuluka m'khola, Dona ali m'manja. Anamuika m'dengu pambali pa mwamuna wake, n'kumanga bwinobwino.

“Tengani zonse, achimwene. Zisasiyanenso.”

A Petro anaponda pansi, chipewa anachiponya padenga. Kenako ananyamula dengulo okha mpaka pa siteji, akukalipa njira yonse kuti Dona sadya mapira onyowa, ndipo Griffin akadzangomudwalitsa adzaona chimene Amalawi amaimira panjira.